Mlezi Amene Anagwetsa Bizinesi ya Amuna Anga

1

Amuna anga amaweta ziweto zosadya udzu. Ndiyambire pamenepa kuti tisasocheretsane kutsogoloku.

Kale ankayendetsa lole ya sitolo ina yogulitsa mipando. Sitoloyo itatsekedwa anakhala pakhomo miyezi isanu, akusewera gemu ya pafoni kuti mutu usawaphulike. Mu gemuyo aliyense amakhala ndi chiweto chake: wina nkhandwe, wina chinjoka chamapiko, wina kamba wa chigoba chamwala. Chiwetocho chimabadwa kakhanda, pa levulo 1, ndipo chimakula ukamapita nacho kunkhondo ndi kuchidyetsa. Chikafika pa levulo 50 ndiye kuti chakhwima, mwini wake amayenda mapewa ali m'mwamba. Vuto n'lakuti kuchikuza kumadya nthawi, pomwe anthu apantchito nthawi alibe. Ndiye amachipereka kwa munthu wina kuti awalerere, n'kumulipira.

Amuna anga anaona mpata. Anadzitcha Mbusa wa Zilombo, n'kulengeza m'gulu la osewera la pa intaneti kuti aliyense wotanganidwa abweretse chiweto chake. Kunena zoona, ntchito ankaidziwa. Mwezi woyamba anagula mpando wozungulira, n'kuuika pakona pakati pa firiji ndi zenera, ati ndi ofesi. Mwana wathu wamkazi akabwera kusukulu ankauzidwa kuti ayende monyang'ama, adadi ali pantchito. Foni ankaisiya pokhapokha akamasamba, ndipo ankandigwiritsa ine kuti nkhondo isaime.

Mtengo unali umodzi, wolembedwa ndi inki yofiira pa katoni yokhomedwa pakhoma: levulo iliyonse, chiweto chilichonse, ndalama yogulira mabuledi awiri.

Ine ndimagwira ntchito pamalo ochapira zovala ndi makina. Lamlungu lina apongozi anga aakazi atabwera kudzationa, tikumwa tiyi, maso anga anagwera pa katoni ija.

"Bambo, mtengo wanuwu ine ndikuona ngati..."

Sanandilole kumaliza. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Amayi, mukumva? Ndili ndi mlangizi wa zachuma m'nyumba muno, ine osadziwa!" Kenako anandisisita paphewa ngati mwana. "Mayi, inu chapani mabulangete. Za pa intanetizi zimafuna mutu wina."

Apongozi anangotakasa tiyi nthawi yaitali, chonsecho shuga anali atasungunuka kalekale. Ine ndinaseka nawo, poti pamaso pa apongozi ungatani? Koma mawu aja sindinawaiwale.

2

Patapita milungu itatu, m'gulu la osewera munatulukira munthu watsopano. Dzina lake Mlezi. Chithunzi palibe, nkhani zambiri palibe, mitengo yokha. Levulo 1 mpaka 10, zonse pamodzi, buledi mmodzi. Kuchokera pa 11 kufika pa 40, theka la buledi pa levulo. Kupitirira pamenepo, mabuledi asanu pa levulo iliyonse, ndipo mwini kamba aziwonjezera mmodzi, poti kamba amakula ngati akuchita kumukakamiza.

"Wamisala uyu," anatero amuna anga akundionetsa foni. "Pansi akugawa ulere, pamwamba akuba dzuwa likuswa mtengo. Sabata imodzi atseka."

Sanatseke. Osewera ambiri ziweto zawo ndi makanda, ndiye onse anathamangira kwa Mlezi ngati kwagubuduka lole ya shuga. Ankamuyamikiranso kuti amayankha msanga ndipo amalankhula bwino. Amuna anga kasitomala akafunsa za chiweto chake ankangomulembera mawu amodzi: "Dikirani."

Mbusa wa Zilombo anatsitsa katoni pakhoma, n'kufufuta mabuledi awiri, n'kulemba mmodzi. Sabata yotsatira anafufutanso, n'kulemba theka. Levulo iliyonse, chiweto chilichonse.

"Tione amene ayambe kulira," anatero.

Makasitomala anabweradi, koma ake ati? Eni akamba okalamba a pa levulo 44, omwe kwa Mlezi akanalipira mabuledi asanu ndi mmodzi. Levulo imodzi ya kamba wotere imayamba mwana akupita kusukulu, n'kudzatha atabwerako, atadya, atalemba ndi homuweki yomwe. Zonsezo theka la buledi, bandulo osaiwerengera. Chala chachikulu chinawatupa. Lamba anachita kuboola bowo lina ndi msomali.

M'mawa uliwonse pa tiyi ankabwera ndi nzeru yatsopano. Lero Mlezi ndi mwana wa mpondamatiki wosadziwa kuwawa kwa ndalama. Mawa ndi gulu la anthu khumi logwiritsa ntchito dzina limodzi. Mkuja si munthu n'komwe, ndi makina. Ine ndinkawathirira tiyi, n'kumawasisita khosi.

"Pepani bambo. Zidzatha izi."

"Iwe wekha ndiye umandimvetsa," ankatero.

Mawu amenewo ankandiwotcha, chifukwa nthawi imeneyo n'kuti ine ndili ndi changa chobisa.

3

Ndinali ndi foni yachiwiri. Ndinaigula kwa wokonza mafoni wa pafupi ndi kuntchito kwathu, yakale, yosweka pakona. Masana inkakhala m'thumba la epuloni. Ndikaweruka inkalowa m'sokosi yakale, pansi penipeni pa chikwama.

Musafulumire kundiweruza, ngakhale mukatero sindikukwiyirani. Munthu ukanyozedwa m'nyumba mwako, n'kupeza kwina kumene akukuyamikira, miyendo imapita yokha. Foni ija ikanjenjemera mtima unkandidumpha ngati wa mtsikana. Ndinkaseka ndekha kutsogolo kwa makina. Ndinagula nsapato zatsopano, ndinakonzetsa tsitsi, ndinayamba kubwera ndi nyama pakati pa sabata. Amuna anga atafunsa, ndinati abwana ayamba kulipira ovataimu.

Amene ankadziwa zonse ndi mnzanga wosita zovala, mayi wamkulu kwa ine, wosadziwa kuzungulira akafuna kunena chinthu.

"Iwe, uzisiye izi," anatero tsiku lina, simbi ili m'manja. "Mwamuna wako ndamuona dzana. Watsala khosi lokha."

"Ndisiya mwezi ukatha, achemwali."

"Mwezi wathawu unateronso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Koma anandiyamba ndi iwo."

"Anakuyamba ndi pakamwa. Iwe ukubwezera ndi nkhwangwa."

Ndinkadziwa kuti akunena zoona. Kawiri konse ndinaima pakhomo la nyumba mawu ali okonzeka pamlomo. Koma ndikalowa n'kuwapeza atawerama pa mpando wozungulira uja, maso ali psu, ndinkati lero ayi, atopa. Ndipo ndisakunamizeni: foni ikanjenjemeranso m'mawa mwake, chisoni chonse chinkauluka.

Miyezi inayi inatha choncho.

4

Linali Loweruka m'mawa, ndikuyanika yunifolomu ya mwana kuseri kwa nyumba. Amuna anga anakuwa kuti akufuna kiyi wa kabati. Ine osaganiza ndinayankha kuti ali m'chikwama. Nditangomaliza kunena, ndinakumbukira foni ija, n'kuthamangira m'nyumba.

Ndinawapeza ataima pakati pa chipinda chogona, dzanja lina sokosi, lina foni. Inali yotseka ndi pasiwedi, koma meseji yomwe inali itangolowa kumene inkawala pagalasi:

"Zikomo chifukwa cha dzulo. Chikupezereni inu sindifunanso wina. Lolemba nthawi yomwe ija?"

Ndinkayembekezera phokoso. Bwenzi phokoso lili bwino. Iwo anangokhala pamphepete pa bedi ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro.

"Ndi ndani?"

Ine maso ali pa sokosi ija, iwo anapitiriza.

"Kodi n'chifukwa choti sindikubweretsa kanthu pakhomo pano? Bizinesi yandithawa, nawenso?"

"Si choncho, bambo."

"Nanga n'chiyani? Tsegula ndione."

Ndinakana. Inde, ndinakana. Mumtima ndinkaona kuti chomwe chili m'fonimo chiwapweteka kuposa chomwe akuganizacho.

Anavala nsapato mwakachetechete, foni n'kuika m'thumba la malaya.

"Mawa kwa amayi. Ukatsegulira komweko."

Tsiku limenelo mpando wozungulira sunazungulire. Akamba a eni ake anaswera ndi njala.

5

Chipinda chochezera cha apongozi n'chaching'ono, mipando yake yovekedwa nsalu zoluka okha, pakhoma wotchi yothamanga ndi mphindi khumi. Mwana anamutumiza kukasewera kwa aneba. Foni anaiika pakati pa tebulo, m'mbale yagalasi, ngati chinthu choti tigawane.

"Mwana wanga," anayamba apongozi, "sindinakuitanireni kudzakukalipirani. Zaka zisanu ndi zinayi ndakudziwani. Ngati kuli munthu, nenani, tione chochita. Koma bodza lokha ayi."

Ndinatenga foni. Pasiwedi ndinalakwitsa kawiri, kachitatu inatseguka. Ndinaipereka kwa amuna anga.

Anafufuza. Chithunzi cha munthu munalibe. Nambala yoimbira munalibe. Munali gemu ija ndi gulu la osewera, basi. Anatsegula gemu, ndipo pamwamba, pomwe pamalembedwa dzina la mwini akaunti, panali liwu limodzi. Anawerenga. Anatalikitsa foni ndi maso, n'kuwerenganso.

Kenako anadzambatuka.

"Mlezi? Pa amuna onse a padziko lapansi, iwe ukuyenda ndi Mlezi? Mpaka wakusungitsa foni yake?"

"Bambo, khalani pansi."

"Amayi, ameneyu ndi mdani wanga ndinkakuuzani uja!"

"Bambo. Mlezi ndine."

Anakhala pansi.

Ndinafotokoza zonse maso ali pansi. Kuti gemu ndinaiphunzira powagwirira foni akamasamba. Kuti makina ochapira akayamba kuzungulira pamakhala mphindi makumi anayi zongoyang'ana thovu, zokwana kukuza kankhandwe malevulo angapo. Kuti meseji ija inachokera kwa namwino wina amene ndinkamulerera chiweto masiku ake otanganidwa.

"Tsiku lija ndinkafuna kukuuzani chinthu chimodzi chokha," ndinatero. "Kuti kuntchito kwathu kampango ka m'manja ndi bulangete sitichapa pa mtengo umodzi. Simunandilole kumaliza. Ndiye ndinati ndiyese sabata imodzi, ndikuonetseni ndi maso. Kenako zinandikomera."

Apongozi zinawayamba ndi mapewa. Anayesa kutseka pakamwa ndi nsalu, koma chiseko chinawaphulika, mpaka misozi, mpaka kumenya ntchafu.

"Wa mabulangete! Wa mabulangete uja! Ine tsiku lija nditaona maso awowa ndinadziwa kuti mwana wangayu waponda moto."

"Amayi, si zoseka izi!"

"Ndikudziwa, ndikudziwa. Koma ine chichokere dzulo mtima uli m'malere kuti banja latha, kani nkhani yake ndi ya akamba!"

Amuna anga sanaseke. Anatembenukira kwa ine.

"Miyezi inayi. M'mawa uliwonse ndinkakudandaulira. Iwe n'kumandisisita khosi."

"Inde."

"Nanga nyama ija?"

"Ya Mlezi."

"Ndinkadya nyama ya Mlezi."

Apongozi anathawira kukhitchini, ndipo tinamva akutsokomola. Atabwerako nkhope itawongoka, anatiweruza mwachidule.

"Iwe, moto unayambira pakamwa pakopo. Inunso mayi, munthu sitimuphunzitsa kusambira pomumiza. Mwamuona mmene waondera? Pepesanani, ine ndikufuna kumwa tiyi."

Ine ndinapepesa misozi ili mbwembwembwe. Amuna anga anatenga chipewa chawo n'kutuluka.

6

Milungu iwiri m'nyumba mwathu munali zii. Ndikafunsa chinthu ankayankha ndi mutu. Ndinalemba m'gulu kuti Mlezi wayamba wapuma, ziweto ndinabwezera eni ake, foni ija ndinaisiya poyera pamwamba pa firiji. Iwo ankakhala pa mpando wawo ndi foni, wotchi ya pamkono, ndi kope lakale la mwana, akulemba zomwe sindinkazidziwa. Ndikayandikira ankatseka. Ndinayamba kuopa kuti mwina ndi kalata yondisiya, yaitali kwambiri.

Lachiwiri lina masana, ndikutulutsa makatani m'makina, mnzanga wosita anandigunda ndi chigongono. Amuna anga anali ataima pakhomo, atavala malaya osita okha, kolala itapindikira m'kati, kope lili m'manja.

"Ndikufuna kuonana ndi Mlezi," anatero.

Tinakhala pa benchi ya makasitomala. Anatsegula kope. Milungu iwiri yonse ija anali akuyeza nthawi ya levulo iliyonse, chiweto ndi chiweto, mizere yolembedwa ndi rula.

"Pansipa unalondola. Pamwambanso unalondola. Koma apa," chala chotupa chija chinaima pa mzere wina, "kuyambira pa 30 kufika pa 40, nthawi imawirikiza katatu, iwe mtengo osasuntha. Unkadzibera wekha. Komanso chinjoka chimadya bandulo kuposa kamba, iwe osachiganizira n'komwe."

Ndinayang'ana manambala aja. Ankanena zoona. Levulo 35 inkanditopetsadi, koma ndinkangoti ndi ulesi wanga.

"Mwalondola," ndinatero.

"Bwereza, makina akusokosa."

"Ndati mwalondola!"

Anamwetulira, koyamba chichokere kwa amayi awo. Kenako anayang'ana pansi, akupindapinda ngodya ya kope.

"Za mabulangete zija, pakamwa panandithamangira. Pepa. Ndinali ndi mantha, ukudziwa? Munthu wopanda ntchito, kabizinesi kaja n'kokhako komwe ndinkati n'kanga. Koma nawenso usadzandionererenso ndikumira, iwe uli phee ndi kapu ya tiyi."

"Sindidzateronso, bambo."

Tinamva fungo la chinthu chopserera. Mnzanga wosita anali atatchera khutu mpaka kuiwala simbi pa malaya a kasitomala.

Mitengo yatsopano tinailemba pa benchi pomwepo, magawo asanu, chiweto chilichonse mzere wake. Makanda onse ndi anga, ndimawalera makina akamazungulira. Okalamba ndi awo, pa mtengo wolingana ndi thukuta. Titalengeza m'gulu kuti Mbusa wa Zilombo ndi Mlezi ndi mwamuna ndi mkazi wake, mameseji anasefukira. Wina anati nkhondo yonse ija linali sewero lokopera anthu. Wina anafunsa ngati timalerako ana enieni, ali ndi amapasa. Amene anadandaula kwambiri ndi eni akamba okalamba, poti theka la buledi linawathera pomwepo.

7

Abale anga owerenga, makamaka inu amene mwakhala mukundiombera m'manja mumtima, musaombe kwambiri. Pa mitengo ndinalondola, koma kulondola kumeneko kunangotsala pang'ono kundidyera banja. Ndinayesa kulankhula kamodzi kokha. Atandidula, ndinasankha kumenya nkhondo mobisa ndi munthu amene ndimagona naye chipinda chimodzi, n'kumamuonerera akuonda. Ndikanatha kudikira kuti apongozi apite, n'kunena kuti, "Bambo, mwandinyoza, ndipo khalani pansi mumve zomwe ndimafuna kunena." Zikanatenga mphindi zisanu. Inunso abambo, mnzanu wa m'nyumba akayamba kulankhula, mulekeni amalize. Akakhala chete si ndiye kuti wavomera.

Masiku ano timakangana poyera. Sabata ino nkhani ili pa mtengo wolerera akadzidzi a mu gemu: iwo akuti tikweze, ine ndikuti tidikire. Mwana amatseka makutu n'kupita panja.

Kasitomala mmodzi yekha ndi amene watikanika. Apongozi anauza mdzukulu wawo kuti awaikire gemu ija pafoni, ndipo anasankha kamphaka kamapiko. Mwezi wathawu anakabweretsa, ati akukafuna pa levulo 50 aneba awo asanawapose. Amuna anga, mwaulemu wonse, anawapatsa pepala la mitengo, n'kuwauza kuti poti ndi amayi awachotserako pang'ono.

Apongozi anavala magalasi, n'kuwerenga pepala lonse mpaka pansi. Kenako anawavula.

"Iwe, ine ndinakutenga pa levulo 1 ulibe ndi dzino lomwe, ndakulera mpaka ndevu izi. Khala pansi tiwerengere bwinobwino, tione amene alipire mnzake."

Kamphaka kaja kafika pa levulo 38 tsopano. Akulera ndi amuna anga, ulere.